Waipa Imodzi pa Ulendo wa Che Mussa

Kwa ana anga nonse, pamodzi ndi adzukulu amene adzafike pa msinkhu wowerenga.

Cholinga cha mutu uno ndi kulongosola mwadongosolo za ntchito yanga ya udalaivala m'boma la Mangochi, makamaka za tsiku limodzi limene ena mwa inu mwakhala mukulimva mwapatalipatali kwa amayi anu. Za ubwana wanga ku Ntcheu sindilembapo kanthu, pakuti mulibe chimene chingakupindulireni. Sukulu ndinalekeza panjira monga mukudziwa, ndipo kalembedwe aka ndinakaphunzira ndekha pamene ndinkadikira mabwana m'galimoto. Choncho pamene ndalakwitsa mukonze ndi pensulo, koma mfundo musasinthe.

Zaka za ku Lungwena

Ntchito yanga yoyamba inali pa lole ya a Haji ena ake a ku Lungwena, amene ankagula usipa ndi utaka wouma m'madoko n'kumakagulitsa ku Limbe. Ndinalowa ngati wokweza matumba, ndipo patapita nthawi ndinapatsidwa chiwongolero. A Haji anali munthu wosalankhula kawiri. Akanena kuti lole inyamuke swala ya m'mawa, pemphero la Asilamu lija, ikangotha, wochedwa ankaitsatira pa njinga. Ndi iwo amene anayamba kunditchula kuti Che Lasitoni, dzina limene landikakamira kufikira lero, moti ngakhale kutchalitchi kwathu ena amandiitana chomwecho.

Kumeneko ndi kumene ndinaphunzira chizolowezi cha madalaivala a kunyanja chokhudza mawaipa, ndiye kuti timikono tija topukuta madzi pa galasi lakutsogolo. Dzuwa la ku Mangochi m'miyezi ya chilimwe limaotcha galasi mpaka munthu sangaikepo dzanja, ndipo labala wa waipa akagona pamenepo miyezi yonseyo amauma ndi kung'aluka, mvula ikadzabwera amangopaka madzi m'malo mopukuta. Kuwonjezera apo, galimoto ikaima pamsika, waipa ndi chinthu chimene chimachoka ndi dzanja limodzi munthu akudutsa. Pa zifukwa ziwirizi, mvula ikangotha tinkazula mawaipa onse awiri, kuwakulunga m'nsalu, ndi kuwasunga pamalo ozizira kufikira mitambo itayambanso kusonkhana. Chilimwe chonse galimoto inkayenda ndi mikono yachitsulo yokhayokha, nsonga zake titazimanga ndi kachidutswa ka chubu kuti zisakande galasi.

A Haji anandiphunzitsanso kagulidwe kake. Tsiku lina ndinabwera ndi mawaipa aatali okongola, ndikuganiza kuti andiyamikira. Anawayang'ana, n'kunena kuti: “Che Lasitoni, mwagulira basi ya ndani? Tengani chingwe, muyeze waipa ya mbali yanu, mumange mfundo. Muyeze ya kumanzere, mumangenso mfundo. Kenako muyang'ane nsonga ya mkono, ngati ndi yopinda ngati mbedza kapena ndi ya pini. Bwererani.” Ndinabwerera wapansi. Kuyambira pamenepo chingwe cha mfundo ziwiri sichinachoke m'galimoto iliyonse imene ndayendetsa.

Zaka za ku bungwe

A Haji atamwalira, ana awo anagulitsa lole, ndipo ine ndinalembedwa ntchito pa bungwe lina lothandiza alimi limene linali ndi ofesi pa boma. Dzina lake sinditchula. Ndinapatsidwa pikapu yoyera, imene ndinakalamba nayo limodzi. Mabwana anabwera ambiri ndi kupita. Wina ankagona tikangodutsa pa geti n'kudzuka titafika, wina ankafuna kuti tifike tisananyamuke. Amene akukhudzidwa ndi nkhani ino ndi mayi Nyirenda, munthu wolimba koma wachilungamo, amene anakhazikitsa lamulo lakuti galimoto yopereweredwa chipangizo chilichonse cha chitetezo isatuluke pa geti. Lamulolo linali labwino, koma zipangizo zinkachokera ku Blantyre, ndipo ukapempha tayala nthawi ya mango unkalilandira anthu akukolola chimanga. Choncho chimene unali nacho unkachisamala kwambiri.

Pa geti panali mlonda, Che Mussa, wa ku Katuli, amene makolo ake anachokera ku Mozambique pothawa nkhondo iye ali wamng'ono. Anali munthu wochepa thupi, wanthabwala, ndipo tinagwirizana ngakhale tinali osiyana chipembedzo. Popeza chipinda chosungira katundu chinkadontha ndiponso chinali ndi makoswe, zinthu zofunika ankazibisa m'malo odziwa iye yekha. Chaka ndi chaka mvula ikatha ndinkampatsa mawaipa anga, ndipo chaka ndi chaka mitambo ikayamba ankabwera nawo ali bwinobwino.

Chaka chimene ndikunenachi, powalandira anati: “Awa ndiwabisa poti ngakhale mbala yopita kusukulu singawapeze.”

Ine ndinati: “Nanga ndikawafuna inu muli pa tchuthi?”

Iye anaseka, nati: “Munaonapo kuti mlonda ali pa tchuthi, Che Lasitoni? Tchuthi n'cha inu okhala pampando.”

Chakumapeto kwa chilimwe Che Mussa anadwala ndipo anagonekedwa kuchipatala. Ndinkapita kukamuona ndikaweruka. Za mawaipa sindinamufunse, pakuti munthu amene akupuma movutika samufunsa za katundu wa ofesi, komanso kumwamba kunali kudakali mbee.

Lachisanu la mvula yoyamba, m'mawa

Che Mussa anamwalira m'mawa wa Lachisanu. Uthenga unabwera ndi mng'ono wake, Che Ajasi, amene ankakonza njinga pafupi ndi msika, munthu wamtali, wa mawu aakulu ndi mtima wapachala. Mayi Nyirenda anali ku Zomba ku msonkhano, koma pa lamya anavomera kuti pikapu inyamule thupi kupita ku Katuli.

Pano ndiyenera kufotokoza kwa inu amene simunakhale pakati pa abale athu achisilamu. Kwa iwo munthu akamwalira amaikidwa tsiku lomwelo ngati n'kotheka, ndipo a kwa Che Mussa ankafuna zonse zithe isanafike swala ya magharibi, ndiyo ya polowa dzuwa. Atangomva kuti galimoto yapezeka, anthu a kumudzi anayamba kukumba. Kwawoko manda okumbidwa sagona opanda mwini wake. Mayi wawo wokalamba anali atanena kale kuti mwana wake asagone panjira. Motero kuchokera pamene khasu linalowa m'nthaka ku Katuli, ntchito yonse inatsala m'manja mwanga.

Pamene thupi linkasambitsidwa ndi kukulungidwa mu sanda, nsalu yoyera ya maliro ija, ine ndinathira mafuta ndi kuyang'ana matayala. Nditakweza maso kum'mawa, kumene tinayenera kulowera, ndinaona kuti mapiri aphimbidwa ndi mtambo wakuda bii. Mphepo inasintha, inayamba kununkhira dothi. Apo ndi pamene ndinayang'ana galasi langa n'kuona mikono iwiri yachitsulo yomangidwa chubu.

Ndinafufuza m'chipinda cha katundu, m'kanyumba ka mlonda, pansi pa benchi yake, m'migolo yakale, ngakhale kuseri kwa chimbudzi. Sindinapeze kanthu. Kuti nkhaniyi isakuvuteni m'maganizo ndineneretu kuti mawaipawo anadzapezeka patapita masabata, ali m'kati mwa paipi ya madzi imene inali pamwamba pa mitanda ya denga. Koma tsiku limenelo munthu yekhayo wodziwa malowo anali mu jeneza, chonyamulira maliro chija, akukwezedwa kumbuyo kwa pikapu yanga.

Che Ajasi anandipeza nditagwada, mutu uli pansi pa benchi. Anati: “Che Lasitoni, mukusaka mbewa? Anthu akwera kale.”

Ndinawafotokozera vuto. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

“Achimwene anga agone panjira chifukwa cha timalabala?”

“Popanda timalabalato, tonse tikagona m'phompho ku mapiri a Chowe. Tiyeni tidzere kusitolo.”

Lachisanu lomwelo, nthawi ya swala ya masana

Chimene sindinachiwerengere ndi chakuti linali Lachisanu. Sitolo yaikulu ya zipangizo, kumene ndinkadziwa kuti mawaipa a pikapu yanga alipo, tinaipeza yotseka, mwini wake atapita kale kumzikiti. Wogulitsa nthochi pakhonde anatiuza kuti bwanayo akachoka kumzikiti amayamba wakadya ndi kupumula. Yachiwiri inalinso yotseka. Yachitatu, kakang'ono ka Che Twaibu, tinapeza mwini wake akukoka chitseko, loko ili m'manja, pamene kuitana kwa kumzikiti kunali kutayamba kumveka.

Che Ajasi anatsika galimoto isanaime, nafuula kuti: “Che Twaibu, maliro! Tsegulani!”

Che Twaibu anayang'ana jeneza, ananong'ona mawu a pemphero, natsegula chitseko theka. “Fulumirani, abale anga. Mukufuna chiyani?”

Anatulutsa mawaipa awiri atsopano, ali m'pepala lonyezimira, ndi kathumba ka timapulasitiki tolumikizira. Anati amenewa amalowa pa galimoto iliyonse, ndipo a minibasi onse akugula omwewa. Ndinatenga chingwe changa n'kuyeza. Onse awiri anali ofanana kutalika, ndipo onse anapitirira mfundo yanga yaitali ndi zala zingapo. Ndinatuluka nawo, ndinamasula chubu, n'kulowetsa imodzi pa mbedza ya mkono. Inalowa ndithu, koma nditaigwedeza inali khwekhwerere, ndipo nditaikoka pang'ono inatsala m'manja mwanga.

“Mwaikoka dala,” anatero Che Ajasi.

“Ndaikoka ndi zala ziwiri. Mphepo ya kuphiri idzaikoka koposa apa.”

“Timange ndi waya.”

“Tikamanga ndi waya, kutalikaku titani nako? Akayamba kuyenda adzakolana pakati pa galasi. Akakolana, makina ake amapsa, ndiye kuti tilibe ngakhale imodzi.”

Che Twaibu anati tingathe kudula ndi sowo. Ndinawaonetsa kuti timano togwira labala tili kunsonga, ndipo ukadula pamenepo labala amasololoka. Anapukusa mutu n'kuyang'ana kumzikiti. Ndinawapempha kuti andilole ndione m'katoni yakale imene inali pansi pa shelefu. Munali malamba, mababu ndi fumbi. Pansi penipeni ndinapeza waipa ya mtundu wakale, ya chitsulo chakuda, pepala lake litasanduka lachikasu. Ndinaiyeza, inathera pa mfundo ya mbali yanga. Ndinapinda labala wake ndi chala, anali wofewa, wopanda mng'alu. Ndinailowetsa pa mbedza, inalira kuti tha, ndipo nditaikoka ndi dzanja lonse sinasunthe.

“Inzake ili kuti?”

“Inzake anagula munthu wina kalekale. Yatsala yokhayo.”

Lamya ya Che Ajasi inalira. Anali a kumudzi, ndipo ndinamva ndekha mawu akuti manda atha kukumba, kwayamba kuwaza, muli pati. Che Ajasi anayankha kuti tili panjira. Atatseka lamya anandiyandikira kwambiri, nati: “Che Lasitoni, ine sindinapite kusukulu, koma ziwiri zimaposa imodzi. Tengani atsopanowa tizipita. Kapena chifukwa womwalirayu si wa kutchalitchi kwanu?”

Mawu amenewa anandipweteka, ndipo anthu amene anali kumbuyo kwa pikapu anawamva. Ndinaima ndi njira zitatu patsogolo panga. Kutenga awiri atsopano kukanatonthoza aliyense pamalopo, ndipo pamaso pa ofesi galimoto ikanaoneka yokwanira, koma ndinkadziwa kuti sakafika pamwamba pa phiri. Kudikira sitolo yaikulu kukanandipatsa zoyenera, koma dzuwa likanatilowera tisanafike. Kutenga imodzi kunali kuphwanya lamulo la mayi Nyirenda ndi kuyenda ndi theka la galasi.

Ndinaimbira mayi Nyirenda n'kuwafotokozera zonse mosabisa. Iwo anati: “A Lasitoni, lamulo mukulidziwa, ndipo ine sindingakuuzeni kuti muliphwanye. Msewu mukuuona ndinu. Chimene musankhe mudzandifotokozere Lolemba pamaso.”

Ndinalipira waipa imodzi ija. Che Twaibu anatseka sitolo n'kuthamangira kumzikiti. Mkono wa kumanzere ndinaudzutsa kuti uime osakhudza galasi. Kenako ndinatembenukira kwa Che Ajasi, amene anali akukwera kumbuyo, ndinati: “Inu mukhala kutsogolo. Mbali yanga ndiona ndekha. Mbali ya kumanzere muona ndinu, ndipo chimene mundiuze ndichita.”

“Ine ndikhala ndi achimwene anga.”

“Mukakhala nawo kumbuyoko, sitifika. Kwerani kuno.”

Anamenyetsa chitseko polowa, nati m'Chiyao: “Kwende,” ndiye kuti tiyeni.

Panjira

Tinawoloka mlatho wa Shire kusanagwe dontho. Mvula inatipeza titangoyamba kukwera mapiri. Sinayambe pang'onopang'ono monga ichitira nthawi zina, inangotsika yonse pamodzi, ndipo fumbi la chilimwe chonse limene linali pa galasi linasanduka phala. Ndinayatsa waipa. Inasesa koyamba n'kusiya matope, kachiwiri n'kusiya mizere, kachitatu msewu unaoneka. Mbali yanga kunali kowala. Kuyambira pakati pa galasi kupita kumanzere kunalibe chooneka, ndipo mkono wopanda waipa uja unkangogwedezeka m'mwamba ngati munthu wobayibitsa.

Amene munadutsapo msewu umenewo mukudziwa kuti umakhota motsatizana, ndipo malo ena m'mphepete mwake muli phompho. Madzi ankatsika m'phiri atanyamula miyala ndi nthambi. Ndinaika giya yaing'ono. Pokhota kumanja ndinkaona, koma pokhota kumanzere ndinkalowa m'malo amene maso anga sankafika.

“Che Ajasi, tsitsani galasi la pakhomo.”

“Ndinyowa.”

“Munyowa ndithu. Tsitsani.”

Anatsitsa n'kutulutsa mutu. Mvula inalowa mpaka pa miyendo yanga. Poyamba ankalankhula monyinyirika, koma titafika pa khona lachiwiri mawu awo anasintha. “Kumanja! Kumanja, pali mwala! Basi, wongolani. Pitani. Pang'ono, pali munthu wa njinga, wanyamula makala. Mwamudutsa.” Mphepo inawachotsa kofia, ndipo sanatembenuke n'komwe kuiyang'ana. Kumbuyo amuna anayi anali atagwira tenti pamwamba pa jeneza, aliyense ngodya yake, ndipo nthawi zina ndinkamva akumenya denga kuti ndichepetse liwiro, pamene lamya ya Che Ajasi inkalira m'thumba kuti ndiwonjezere.

Titatsiriza phiri tinasiya tala n'kulowa msewu wadothi wa ku Katuli. Kumeneko vuto linakula. Dothi lofiira linali litasanduka sopo, ndipo lole ina yochokera kutsogolo inatithira matope galasi lonse, moti kwa kanthawi ndinayendetsa osaona chilichonse. Ndinachotsa phazi pa mafuta osaponda buleki, pakuti buleki pa matope otere amatembenuza galimoto. Waipa ija inalimbana nawo, ikulira, mpaka inatsegula kampata. Ndinkayembekeza kuti nthawi iliyonse iduka kapena labala asololoka, ndipo ndinkadziwa kuti zikatero palibe sitolo ina kutsogolo. Mawu a Che Ajasi anayamba kusasa, koma sanaleke.

Patsogolo panali kamlatho ka matabwa pa mtsinje umene chilimwe chonse umakhala mchenga wokhawokha. Tsiku limenelo madzi anali atafika pafupi ndi matabwa, ofiira, akuthamanga ndi zinyalala. Kamlathoko ndinkakadziwa, ndipo mbali yanga ndinaona kuti thabwa loyendapo tayala lili m'malo mwake. Ndinayamba kukwera pang'onopang'ono.

“Imani!”

Mbali yanga panalibe cholakwika chilichonse. Ndikanatha kuganiza kuti munthuyu wachita mantha ndi madzi, ndipo kuima pamwamba pa mtsinje wodzaza si chinthu chimene dalaivala amafuna. Koma ndinali nditanena ndekha kuti chimene andiuze ndichita. Ndinaponda buleki.

Che Ajasi anatsika, ndipo nane ndinatsika. Thabwa la kumanzere linali litasunthidwa ndi madzi, mutu wake utalowa m'kati, ndipo pamene tayala linayenera kuponda panali mpata wooneka madzi pansi. Tayala langa linaima chikhatho chimodzi kuchokera pa mpatawo. Amuna awiri a kumbuyo anatsika, ndipo tonse anayi tinakankha thabwalo kulibwezera m'malo, koma misomali yake inali itazuka, moti linangogona popanda choligwira.

Mmodzi wa amunawo anati tinyamule jeneza pamanja tiwoloke wapansi. Che Ajasi anayang'ana kumwamba, kumene dzuwa silinkaoneka koma kuwala kunali kutayamba kuchepa, nati kumudzi kukadali kutali, wapansi sitikafika. Kenako anatembenukira kwa ine.

“Che Lasitoni, mukuona pati bwinobwino?”

Ndinawalozera mbali ya galasi imene waipa inkasesa.

“Ndiima pamenepo. Muziyang'ana manja anga, musayang'ane madzi.”

Amuna aja anawoloka wapansi kuti galimoto ipepuke, kupatula mmodzi amene anatsala atagwira jeneza. Che Ajasi anaima pa mlatho kutsogolo kwa pikapu, chakumanja, mkanjo utamatirira m'thupi, n'kuyamba kuyenda chafutambuyo. Waipa ikasesa ndinkawaona, madzi akadzaza ankasowa, ikasesanso ankaonekanso atasuntha pang'ono. Dzanja lawo linkaloza kumanja, kenako kundiitana, kenako kundiimitsa. Ndinamva thabwa likulira pansi pa tayala lakutsogolo, kenako pansi pa lakumbuyo, ndipo galimoto inapendekeka pang'ono kumanzere. Dzanja linapitiriza kundiitana, ndipo ndinalitsatira kufikira matayala onse anaponda dothi.

Atakweranso, Che Ajasi ankanjenjemera thupi lonse. Ndinavula jekete langa la ntchito n'kuwapatsa. Analandira, natulutsanso mutu pawindo.

Ku Katuli

Tinalowa m'mudzi mvula itachepa, kukuwala mofiirira. Azimayi atamva galimoto anayamba kulira m'nyumba, ndipo jeneza inalowetsedwa kanthawi kochepa kuti mayi wawo atsanzikane ndi mwana wake. Amuna anali ataima kale pabwalo, ndipo a Shehe anali akuyang'ana kumadzulo kawirikawiri. Tinamva kuti kumanda anthu akhala akukapa madzi m'dzenje ndi zidebe kuyambira masana, ndipo ena anali atayamba kunena kuti galimoto sifika lero.

Swala ya maliro inachitika mofulumira, ine nditaima pambali monga mlendo. Kenako jeneza inanyamulidwa pamapewa, amuna akulandirizana, ndipo ndinatsatira pambuyo. Thupi litatsitsidwa, a Shehe anapempha kuti mwini maliro anene mwachidule mmene imfa yayendera, monga amachitira kumeneko munthu akamwalirira kutali. Che Ajasi anapita kutsogolo, anatsegula pakamwa, koma sipanatuluke mawu. Anayesanso, panangomveka mpweya. Kufuula kwa ulendo wonse m'mvula kunali kutawatsekera kummero. Anthu anadikira. Che Ajasi anatembenuka, anadutsa pakati pa abale awo onse, anandigwira dzanja n'kundikokera pafupi ndi manda.

Ndinayamba monga ndinkamvera mabwana akuyambira, kuti m'malo mwa bungwe ndi m'malo mwa akuluakulu a ofesi ndaima pano kudziwitsa anthu onse. Ndinafika pamenepo n'kuona sanda yoyera pansi pa dzenje, yaing'ono monga analili mwini wake, ndipo mawu onse a mu ofesi anandithawa. Ndinangoti: “Che Mussa anadwala, tinawaona, anatisiya m'mawa uno. Anali mnzanga. Tabwera nawo lero lomwe.”

A Shehe anati: “Zakwana, bambo.”

Amuna anayamba kuponya dothi ndi manja, ndipo Che Ajasi anandikoka kuti nanenso ndiwerame ndiponye. Dothilo linali lonyowa, lomata m'zala. Makasu anatsiriza ntchito, ndipo pamene ankasalaza mtumbira, kuitana kwa swala ya magharibi kunayamba kumveka kuchokera kumzikiti wa m'mudzi.

Ndalemba izi ndi dzanja langa, ndili ndi nzeru zanga zonse, ine bambo wanu,

Lasitoni.